Mizere Iwiri Imene Mlamu Wanga Anadula

Ndinamva mkazi wanga akuimba mu minibasi patapita miyezi ingapo chimuikireni m'manda. Ndinkachokera ku Limbe kokagula mapepala a mayeso a ana asukulu, ndipo ndinakhala pampando wakumbuyo, katoni ili pamiyendo. Kondakitala anauza dalaivala kuti akweze wailesi chifukwa yafika nyimbo ija. Kunayamba gitala, kenako ng'oma yofewa ngati ya paukwati, kenako iye.

Gona, kamwana, nandolo wauma,
mawa tikamenya, lero tigone.

Mayi amene anakhala pambali panga ankaimba nawo chapansipansi. Ndinatsika pasiteji yotsatira, ngakhale ku Nguludi kunali kudakali patali, ndipo ndinayenda wapansi katoni ili paphewa.

Mkazi wanga sanalowepo mu situdiyo moyo wake wonse. Kukwaya ya kutchalitchi ankaima mzere wakumbuyo, ndipo akamuuza kuti atsogolere ankakana. Nyimbo imeneyi anaipeka yekha pakhonde la nyumba yathu. Mwana wathu wamkazi ankavuta kugona masana, ndiye amake ankamubereka n'kumapeta nandolo m'lichero uku akumuimbira. Inali ndi mizere inayi. Iwiri yomaliza inkanena za ine. Ndimaphunzitsa pasekondale yoyendera, ndipo njinga yanga ili ndi madigadi olira amene amamveka munthu ndidakali pamjigo. Mzere wachitatu unkati adadi ali m'njira, njinga ikulira. Wachinayi sindiudziwa bwino. Ndinkaumva chapatali ndikamakhota pamtengo wa mango, koma akangondiona ankasiya kuimba n'kuyamba kuseka. Sindinamufunsepo mawu ake. Palibe amene amafunsa mawu a nyimbo imene akuyembekeza kuimvanso mawa.

Amene anamujambula ndi mlamu wanga, mlongo wake wamng'ono, chitsiriza m'nyumba mwawo. Iyeyu ankakhala m'tauni ndipo ankaimba rapu ya mtundu umene anzake amati giraimu. Mawu ake ankagwa mothamanga ngati matalala padenga la malata, ng'oma yake yaukali, yopanda poti munthu n'kuvinira. Ankaimba za matope a mumsika, za mavenda othawa ndi katundu kumutu, za anyamata a masatifiketi amene akuitanira minibasi, ndipo pakati pake ankatukwana oimba anzake mmodzimmodzi. Ndinene chilungamo, nyimbo zimenezo ndinkazikonda. Munali zoona zambiri. Koma mawailesi sankaziika, ndipo omvera ake anali anyamata a m'mababashopu amene sagula kanthu. Zinthu zikamuthina ankabwera kumudzi. Mlongo wake ankamudyetsa, kumuchapira, pobwerera n'kumumangira nandolo ndi sopo.

Ulendo wina wotero ndi umene anatulutsa foni pakhonde paja. Ndimakumbukira tsikulo chifukwa nditafika ndinapeza mkazi wanga akumuopseza ndi lichero.

"Iwe, chotsa chifoni chakocho! Ukufuna anthu akandiseke m'tauni?"

"Achemwali, mawu awa ndi ndalama," iye anatero akuthawira kuseri kwa njinga yanga. "Alamu, auzeni."

Tonse tinaseka, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Matenda a mkazi wanga sanatenge nthawi. Za masiku amenewo sindilemba. Pamaliro mlamu wanga analira kulira kwenikweni, mpaka anthu anachita kumugwira pochoka kumanda. Zimenezo ndinaziona ndi maso anga ndipo sindinazikayikepo. Atabwerera kutauni anakhala chete miyezi yambiri. Kenako chinatuluka chimbale.

Sichinali ngati zimbale ziwiri zimene anatulutsa kale. Kuthamanga konse kunatha. Munali gitala, munali atsikana oimba pambuyo, munali nyimbo zachikondi, ndi ina yotchula Mulungu mokwanira kuti iziikidwa Lamlungu m'mawa. Kutukwana kunalibemo. Nyimbo yoyamba inali ya mkazi wanga. Anatenga mizere iwiri yoyambirira n'kuibwereza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo penapake makina anadula mawu ake kuti azichita chibwibwi, go-go-gona, mogwirizana ndi ng'oma. Pakati pake mlamu wanga ankayankhula mofatsa za kusowa mlongo.

Sanandiuze. Apongozi anga, amayi ake, akuti anawauza pafoni kuti wakonza kanthu kokumbukira achemwali, iwo n'kuyesa kuti akunena za chiliza.

Chimbalecho chinayenda. Anyamata obena nyimbo m'makadi pa Boma ankati munthu aliyense wobwera ndi foni ankafuna chimenecho. Chinkalira m'magolosale, m'minibasi, pachigayo. Chinafika mpaka m'maukwati. Tsiku lina Loweruka ndikudutsa paholo ina ndinaona amayi ovala mofanana akuvina pamzere, akuponya ndalama m'beseni, mkazi wanga akugoneka mwana wathu pasipika zazikulu ngati mabokosi a zovala. M'kalasi ana ankaing'ung'udza polemba ntchito. Wina akakumbukira kuti mphunzitsi wawo ndi ndani, ankagunda mnzake ndi chigongono, ndipo chete amene ankatsatirapo ankandipweteka kuposa nyimboyo.

Mphunzitsi mnzanga wa Chingerezi anabweretsa nyuzipepala m'chipinda cha aphunzitsi, poganiza kuti ndikondwera. Wolemba wake ankati mlamu wanga wakula tsopano, wasiya phokoso la anyamata n'kubwerera kumizu. Anayamikira kwambiri nyimbo yoyambayo, imene iye ankati ndi yamakedzana, yogonekera ana, yochokera kwa makolo athu amene anawoloka malire kalekale. Ndinawerenga kawiri. Nyimbo yamakedzanayo inali yaing'ono kuposa matayala a njinga yanga.

Si onse anakondwa. Anyamata a m'mababashopu aja anati wawagulitsa, wasanduka woimba wa maukwati, chatsala n'kuvala suti yonyezimira basi. Wolemba wina anati chimbale chonsecho ndi phala lamadzi, ndipo chokhacho chamoyo m'menemo ndi mawu a mayi wosatchulidwa dzina uja. Mmodzi mwa oimba amene iye ankawatukwana kale anapeza pobwezera, n'kutulutsa nyimbo yonena kuti mlamu wanga wafukula mlongo wake kuti akamugulitse pamsika. Ana asukulu anandimvetsera imeneyonso. Ndinawalanda foniyo mpaka poweruka. Sindinkafuna kuti munthu woyamba kunena zimene zinali mumtima mwanga akhale mlendo amene akungofuna kutchuka naye.

Mlamu wanga anagula galimoto. Anafoleranso nyumba ya amayi ake ndi malata atsopano, a utoto wobiriwira, ooneka kuchokera kumsewu.

Pa nthawi yonseyi ndinali ndisanamvetse chifukwa chimene anatengera mizere iwiri yokha. Ndinkayesa kuti ndi nzeru za mu situdiyo. Ndinamvetsa tsiku lina masana ndikugula shuga pagolosale ya pa Nguludi. Pawailesi ankacheza naye, ndipo wofunsa anati afotokoze za nyimboyo. Iye anapumira m'mwamba, n'kunena kuti ali wamng'ono amayi ake ankapita kumunda, ndipo achemwali ake ndi amene ankamubereka n'kumamuimbira nyimbo imeneyi. Anati kamwana kamene kakutchulidwako ndi iyeyo.

Mwini golosale anapukusa mutu mwachisoni. "Mwana ameneyu amawakonda achemwali ake, aphunzitsi."

"Eya," ndinatero, n'kutenga shuga wanga.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinamuimbira foni. Sindinafune kuti achotse nyimbo pachimbale. Madzi anali atatayika kale m'dziko lonse, ndipo ndinkadziwa kuti palibe angaibweze. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, zimene anajambula pakhonde paja, zonse, zopanda gitala, zopanda ng'oma, zopanda iye. Mkazi wanga sankakonda kutumiza mauthenga a mawu. Ankaimba foni kapena kulemba. Kupatula zimene zinali kwa mlamu wanga, mawu ake sanatsale pena paliponse.

"Alamu! Mwasowatu. Mwamva mmene tikuchitira?"

"Ndamva. Ndikufuna zimene munajambula zija, mmene zinalili."

"Aa, zimene zija zili kwa polodyusa. Ndimuuza, osadandaula."

Patapita milungu ndinaimbanso. Polodyusa anali atapita kunja. Ulendo wina kompyuta inali itadwala. Ulendo winanso anayankha mnyamata wina amene anati ndi manijala, n'kundifunsa kuti ndikuimba kuchokera kampani iti.

Ndiye ndinadikira tsiku la kusudzula.

Kwathu ndi ku Magomero, koma monga amuna ambiri kuno, ndinakwatira chikamwini. Nyumba ndinamanga kwawo kwa mkazi, pamalo amene amalume ake anandilozera. Mkazi akamwalira, mwamuna sungonyamuka, ndipo sungokhalanso mpaka kalekale. Imakwana nthawi imene ankhoswe a mbali zonse amakumana, akuchikazi n'kukuthokoza, kugawa katundu, ndi kukumasula kuti upite ukayambe moyo wina. Za mwana tinali titagwirizana kale. Adzakulira kwa agogo ake, pakati pa mbumba ya amake, ine ndizibwera kudzamuona ndi kumusamalira. Zimenezi sindinalimbane nazo. Ndinakula ndikuziona, ndipo mwana wa zaka zitatu sangakhale yekha m'nyumba ya mphunzitsi tsiku lonse. Koma ndinkadziwa kuti pamwambowo pamakhala mphindi imene amakufunsa ngati pali chimene ukufuna kutenga, ndipo chimene wapempha pamaso pa ankhoswe sichikanidwa mwachisawawa.

Tinakumana m'mawa pansi pa mtengo wa mango uja. Amalume anga anabwera kuchokera ku Magomero panjinga yakabaza, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Pamphasa anayala katundu wa m'nyumba mwathu: mapoto, zitenje, matiresi atakulungidwa ndi chingwe, lichero lija. Mlamu wanga anafika mochedwa pagalimoto, ndi anyamata awiri. Mmodzi anayamba kujambula ndi foni mpaka amalume a malemu, amene ndi mwinimbumba, anamufunsa ngati akuona ngati pano ndi pa dansi.

Mwinimbumbayo anayankhula bwino. Anati ndinasunga mwana wawo mwaulemu, sindinamutulutsepo misozi, ndipo pa matenda sindinathawe. Kenako anafika pamene ndinkadikira.

"Tsono bambo, katundu ndi uyu. Lozani chimene mtima wanu ukufuna."

"Zonsezi zitsale ndi mwana," ndinatero. "Ine ndikupempha chimodzi, ndipo sichili pamphasapa. Alamu angawa anajambula malemu akuimba pakhonde. Ndikupempha andipatse zimene anajambulazo, zonse, mmene zinalili."

Mayi wina kumbuyo anafunsa mnzake mokweza kuti akuti chiyani, mnzakeyo n'kumuuza kuti akufuna nyimbo ija.

"Nyimbo ija ili paliponsetu," mwinimbumba anatero modabwa. "Ngakhale ine ndili nayo mufoni. Tikuikireni?"

"Imene ili paliponseyo ndi theka. Anadula mizere iwiri."

Onse anatembenukira kwa mlamu wanga. Iye anavula magalasi ake akuda n'kugwada bwinobwino, monga mwana woleredwa.

"Amalume, nkhani yake ndi yovuta pang'ono. Chinthu chimenechi ndinasainira ndi anthu. Chikangotuluka m'manja mwanga, mawa muchipeza kwa obena nyimbo pa Boma, ndiye ineyo ndili m'madzi. Komanso tili ndi pulani yoti pokumbukira achemwali chaka chamawa titulutse ina. Alamu adzamva nthawi imeneyo."

"Sindikufuna kuchipereka kwa munthu," ndinatero. "Ndikufuna mwanayu adzamve amake akumuimbira iyeyo."

Apongozi anga anali atakhala chapatali, mwana ali pamiyendo. Anakweza mutu n'kunena motsitsa, "Iwe, ungowapatsa alamu akowo." Koma sanapitirize. Mlamu wanga atawayang'ana, iwo anayang'ana kumbali, kumene kunali nyumba yawo ndi denga lobiriwira lija, n'kuyamba kukonza kolala ya diresi la mdzukulu wawo.

Ankhoswe anapita kuseri kukanong'onezana. Pobwera, mwinimbumba anaweruza mofatsa, ngati munthu amene wapeza njira yokomera onse.

"Bambo, tamva. Koma taonani. Chimene mlongo wasiya m'manja mwa mlongo wake ndi cha mbumba. Mwanayunso ndi wa mbumba. Ndiye nyimbo ili konkuno, mwana ali konkuno. Palibe chatayika. Akadzakula, amalume akewa adzamumvetsera."

Ndinatsegula pakamwa, koma amalume anga anandigwira bondo n'kulifinya.

"Usaononge," anandinong'oneza. "Ukufuna uzidzachita kupempha chilolezo kuti uone mwana wako? Chifukwa cha nyimbo?"

Akuchikazi anandipatsa mbale ya ufa monga chizindikiro, n'kunena kuti kuyambira lero ndine womasuka, ndikhoza kukwatira kulikonse kumene ndafuna, iwo alibe nane mangawa. Amayi amene analipo anaomba m'manja mwaulemu. Ndinathokoza. Pophunzira kukoleji ndinkaganiza kuti mwambo umenewu ndi wachifundo, chifukwa umamasula munthu. Sindinkaganizira mbali inayo, yoti munthu womasulidwa alibenso pakamwa pa za m'mudzimo.

Anthu akudya, ndinamupeza mlamu wanga ali yekha pagalimoto yake, akupukuta fumbi pagalasi ndi mpango.

"Chilipo?" ndinamufunsa. "Ndiuzeni zoona zokhazokha. Ngati chinafufutika, ndisiye kuvutika."

Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anagwira thumba la malaya ake pamene panali foni.

"Chilipo. Ndimachimvera ndikakhala ndekha." Mawu ake ananjenjemera, ndipo sikunali kuchita sewero. "Inunso mulimo, alamu. Kumapeto kumamveka chinjinga chanucho, kwekwerekwe, iwo n'kusiya kuimba n'kuyamba kuseka. Amaseka nthawi yaitali."

Ndinagwira chitseko cha galimotoyo.

"Ndimvetsereni pompano. Kamodzi kokha. Simundipatsa, ndingomva."

"Mukamva mudzafuna kukhala nacho. Ndimakudziwani." Anapinda mpango uja. "Alamu, ndinanena pawailesi, ndinanena pa TV, kuti ankaimbira ine. Anthu akamva za adadi ndi njinga, ndiye kuti ine ndine wabodza dziko lonse. Anyamata aja akungodikira pomwe ndingaterereke. Mukufuna ndibwerere kumene ndinali? Kumadzapempha sopo?"

"Ankakupatsani sopoyo ndi ndani?"

Anavalanso magalasi.

"Mwasudzulidwa, alamu. Kapumeni. Mudakali mnyamata."

Kumapeto kwa chaka chimbalecho chinapata mphoto. Ndinaonera pa TV ya mphunzitsi mnzanga uja, chifukwa anachita kudzanditenga. Mlamu wanga anavala suti yonyezimira. Ananyamula chikhocho, n'kuloza kumwamba ndi chala, anthu n'kuimirira. Nyimbo yachikumbutso imene analonjeza ija inatulukadi chaka chotsatira. Munali mizere iwiri yomwe ija, ndi kwaya ya ana. Olemba nyuzipepala anati akubwereza zakale, ndipo sinayende ngati yoyamba.

Tsopano ndimakhala m'nyumba ya aphunzitsi pasukulu. Madigadi aja sindinakonzetse. Loweruka lililonse ndimapalasa kukaona mwana, ndipo iye amandimva ndidakali pamjigo n'kuthamangira kumtengo wa mango. Wakula, amayankhula chilichonse. Nkhope ya amake saikumbukira, koma amadziwa kuti mawu a munyimbo ija ndi awo, chifukwa mudzi wonse umamuuza.

Loweruka lina posachedwapa tinakhala pakhonde la nyumba imene ndinamanga, imene tsopano mumagona msuweni wa malemu. Kunkatentha, ndipo mwana anayamba kusinza atatsamira pa ine.

"Adadi, imbani ya amayi."

Sindidziwa kuimba, koma ndinayamba. Iye anandilandira ndi kamawu kake, ndipo pofika pakati anachita chibwibwi chija, go-go-gona, ndendende mmene makina anadulira. Titamaliza mzere wachiwiri iye anabwerera poyamba, monga zimachitikira pachimbale. Ine ndinapitirira. Ndinaimba kuti adadi ali m'njira, njinga ikulira, pa kamvekedwe kamene ndinkaganiza kuti ndi komweko, ndikuyembekeza kuti mwina wachinayi ubwera wokha ndikafikapo.

Mwana anadzuka n'kundiyang'ana.

"Sichoncho."

"Amayi ako ankaimba choncho. Inali ndi mbali ina, yonena za ine."

"Bodza. Mulibe adadi m'menemo." Anaseka n'kundiphimba pakamwa ndi kadzanja kake. "Ndi ya amalume. Ankaimbira amalume ali kamwana. Yambaninso, muimbe bwino."

Agogo ake anali pabwalo akuyanika nandolo pamkeka. Ndikudziwa kuti anamva, chifukwa manja awo anaima kanthawi. Kenako anapitiriza kuyala.

Ndinayambanso. Ndinaimba mizere iwiri, n'kubwerera poyamba, n'kubwereranso, mpaka anagona.